Chizungulire cha Agogo Jafali

Agogo Jafali akandibwerera m'maganizo, ndimamva fungo la malata otentha ndi phokoso la nyundo yawo pamene ankakhoma mbaula ndi ndowa kuseri kwa nyumba yathu ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka, kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya swala, pemphero lawo la Chisilamu. Anachokera ku Malawi ali mnyamata, ndipo pa moyo wawo wonse sanalawepo mowa ngakhale dontho.

Ndiye tangoganizani tsiku limene anaweramira nsapato tili pamzere wa sopo, zaka zija za chipani chimodzi, n'kudzandira mpaka kugwera m'ngalande. Mayi wina anaseka mokweza. "Ba Shehe nabo bakolewa!" Mawuwo anandiwawa koopsa.

Koma chimene chinkawadya agogo sichinali manyazi. Nthawi iliyonse akagunditsa chipumi pamkeka poswali, nyumba yonse inkawazungulira mpaka kufuna kusanza. Anayamba kuswali atakhala pampando, misozi ili m'maso. "Mulungu wakana chipumi changa," anatero tsiku lina. Kunyumba aliyense anasanduka dokotala: amayi anawaletsa mchere poti ndi kuthamanga kwa magazi, azakhali ankawamwetsa madzi a masamba a kotapeya, mapeyala aja, poti magazi achepa. Zonsezo sizinathandize.

Pamapeto pake amayi anawatengera kuchipatala chachikulu m'tauni, ine ndikutsatira. Dokotala, mayi wa Chibemba, sanathamangire mankhwala. Anafunsa ngati makutu amalira, ngati akumva bwino, ngati dzanja linachitapo dzanzi kapena lilime kulemera. Zonsezo kunalibe. Nanga chizungulirecho chimakhalitsa? Ayi, kanthawi chabe, makamaka akawerama kapena akatembenuka pogona.

Kenako anawakhazika pabedi, n'kuwapotolera mutu kumanja, n'kuwagoneka chagada mwadzidzidzi. Mayo ine! Maso a agogo anayamba kuphiriphitha okha, iwo akukuwa atagwira mkono wa dokotalayo. Ndinkaganiza kuti akutisiya. Dokotala anangoyang'anitsitsa masowo mpaka anakhazikika.

"Ba shikulu, vuto ili mu khutu," anatero, powatchula agogo m'Chibemba. Anafotokoza kuti m'kati mwa khutu muli timiyala tating'ono totithandiza kuima bwino, ndipo tawo tinachoka pamalo pake. Si matenda a ubongo, ndipo nthawi zambiri amatha okha.

Agogo anafunsa funso limodzi lokha. "Mwanangu, ndikagwada pamaso pa Mulungu, ndifa?"

"Simuzafa. Chizazungulila, mulindile chabe, chizaima."

Madzulo a tsikulo anakankhira mpando kukhoma. Ndinawasuzumira pakhomo: chipumi pansi, zala zitakwinya mkeka, thukuta lili kamukamu. Sanadzuke. Anadikira mpaka nyumba inaima, n'kupitiriza swala yawo.

Matendawo anatha nyengo yamvula isanafike, ndipo agogo anakhala zaka zina zambiri. Lero nane ndakalamba, ndipo tsiku limene ndinaika mwana wanga m'manda ku Lusaka konkuno, dziko linandizungulira. Ndinagwada pansi, n'kugwira dothi ndi manja onse awiri, n'kudikira.