Ine Ndinkalankhula, Iye Ankalemba

Bambo wa ku Vietnam amene ndinamuphunzitsa Chingerezi kwa miyezi isanu ndi iwiri analephera mayeso, ndipo wolakwa kwenikweni ndinali ine.

Anali makaniko wa makina opangira ayisi pakampani ina yogula nsomba, kufupi ndi mlatho wa pa Shire ku Mangochi. Pa boma ponse ankamutchula kuti Mtchaina. Mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi anali ku Australia, kumene mkaziyo ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Kuti awatsatire, ankafunika kukhoza mayeso a Chingerezi a zigawo zinayi: kuwerenga, kulemba, kumvetsera ndi kulankhula. Mwanayo anasiyana naye akukwawa. Tsopano ankamuona pa foni atavala yunifolomu ya sukulu.

Ine ndinali nditangobwerera kwathu ku Mangochi kuchokera ku Blantyre, nyuzipepala imene ndinkailembera nkhani za kukhoti itachepetsa antchito. Ndinkakhala kwa achemwali anga. Amuna awo ankayendetsa lole ya kampani ya nsomba ija, ndipo ndi iwo amene anamuuza mlendoyo kuti kunyumba kwawo kuli mlamu wawo amene anameza dikishonale.

Ankabwera Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, folo koloko, panjinga. Tinkakhala pakhonde chifukwa m'nyumba munkatentha. Sankakhala pansi ine ndisanakhale. Anali ndi kope lachikuto cholimba chakuda, ndipo tsamba lililonse ankaligawa patatu ndi rula: kumanzere liwu la Chingerezi, pakati tanthauzo lake m'chilankhulo chakwawo, chokhala ndi timizere ndi timadontho pamwamba ndi pansi pa zilembo, kumanja chiganizo chimene ine ndapereka ngati chitsanzo.

Tsiku loyamba anandiuza kuti mawu ang'onoang'ono akuwadziwa, chimene akufuna ndi mawu akuluakulu. Ndinavomera. Ndinamuuzanso kuti oyesa mayeso amapereka malikisi poona kulemera kwa mawu. Ndinanena zimenezi ngati munthu wodziwa, pamene mayesowo sindinawalembepo ngakhale kuwaona.

Choncho ndinayamba kumupatsa mawu makumi awiri tsiku lililonse. Anali mawu amene ndinatola m'makhoti ndi m'malipoti a boma. Ndinamupatsa mawu asanu osiyana otanthauza kuti chinthu chachepa, ndi ena anayi otanthauza kuti chinthu chaipiraipira. Ndinamupatsa liwu limene woweruza amagwiritsa ntchito akafuna kusonyeza kuti mboni ikunama koma osanena kuti ikunama. Ine ndinkayendayenda pakhondepo ndikufotokoza, iye atawerama akulemba. Lachisanu ndinkamuyesa: ndikatchula tanthauzo, iye alembe liwu. Sanaphonyepo mawu oposa awiri. Ndikachonga, kopelo ankalilandira ndi manja awiri.

Sanandifunsepo funso. Nthawi ina ananena kuti kwawo mphunzitsi sadulidwa mawu. Sindinadabwe, chifukwa nanenso ndinaphunzira chimodzimodzi ku pulayimale ku Lungwena: aphunzitsi kulemba pa bolodi, ife kukopera, wolankhula n'kulembedwa dzina kuti ndi wolongolola. Anthu awiri ochokera kumayiko otalikirana chonchi tinagwirizana pa chinthu chimodzi, ndipo chinali cholakwika.

Achemwali anga ndiwo anayamba kuona vutolo. Tsiku lina mlendoyo atapita anandipeza ndikumwa madzi.

"Achimwene, mlendo wanuyu lilime ali nalo?"

"Bwanji?"

"Ndasenda chinangwa beseni lonse kuseriku, mawu ndamva a munthu mmodzi. Mwatsegula tchalitchi?"

"Inu zasukulu simukuzidziwa."

"Zasukulu sindikuzidziwadi. Koma mwana sayamba kulankhula poonerera pakamwa pa amake."

Ndinawasiya. Patapita milungu ingapo ndinamupeza mlendo uja kumsika, kumbali ya nsomba, iye asanandione. Mayi wina wogulitsa chambo ankamukuwira.

"Alamu, lero mwachedwa! Takusungirani chachikulu ichi."

"Ichi chadzulo, mayi. Maso afa."

"Iii, tamumvani Mtchaina! Akufuna kutiphunzitsa nsomba ife!"

"Ine si Mtchaina. Inu ndikakutchulani a ku Mozambique mukondwa?"

Amayi onse pamzerewo anaseka, wina mpaka kuomba m'manja. Chichewa chake chinali chopindika, chosakanikirana ndi Chiyao cha anzake a kuntchito, koma chinkayenda, ndipo sankachita nacho manyazi. Palibe anamulembetsa m'kope. Ndinaima pamenepo ndikuona umboni wonse ndi maso anga, ine munthu amene ndinatha zaka ndikumvetsera maumboni. Lolemba lotsatira ndinamupatsanso mawu makumi awiri.

Chifukwa chake ndikuchidziwa. Chichotsedwere ntchito, panalibe munthu amene ankasamala zonena zanga. Kunyumba ndinali mlamu wodya zaulere. Koma katatu pa mlungu munthu wamkulu, wa luso lake, ankalemba liwu lililonse lotuluka pakamwa panga. Sindinafune kuti zimenezo zithe.

Mayeso anakalembera ku Lilongwe. Zotsatira zitabwera, anafika nazo pakhonde pa tsiku ndi nthawi ya phunziro. Kuwerenga ndi kulemba anakhoza kuposa mlingo wofunika. Kumvetsera anaperewera pang'ono. Kulankhula anagwa kwambiri.

Anandifotokozera m'Chichewa. Woyesayo, mayi wina waulemu, anamupempha kuti afotokoze nyumba imene anakulira, ndipo anamupatsa mphindi ziwiri. Nyumbayo ankaiona bwinobwino m'mutu: yamalata, m'mbali mwa mtsinje, abakha pabwalo, amayi ake akuyanika mpunga pamsewu. Mawu osavuta onenera zonsezi anali nawo. Koma anakumbukira kuti mawu osavuta alibe malikisi, ndiye anayamba kufunafuna liwu lalikulu lotanthauza chinthu chakale. Tsamba la m'kope ankaliona, mpaka mbali imene liwulo linali, koma liwulo osabwera. Mayiyo anadikira. Nthawi itatha anali atanena ziganizo zitatu.

"Bambo, wakulakwitsani ndine," ndinatero. "Sindinakupatseni mpata wolankhula."

"Ayi, aphunzitsi. Mphunzitsi wabwino. Wophunzira mutu wouma."

"Ndikunena zoona. Ndinakuuzani zinthu zimene sindikuzidziwa."

Anapukusa mutu, natulutsa m'chikwama paketi ya tiyi wobiriwira wakwawo n'kundipatsa ndi manja awiri. Akanandikalipira zikanandipepukira. Tiyiyo mpaka pano sindinamutsegule.

Ndinamupempha kuti tiyambirenso, koma kope alisiye kunyumba. Anabwera chimanjamanja, manjawo akusowa powaika. Ndinamufunsa m'Chingerezi kuti wadya chiyani masana. Anawongola msana, nayang'ana kudenga. Ndinawerenga chamumtima mpaka khumi, kenako ndinamuyankhira ndekha. Ndinachita zimenezi kanayi tsiku limenelo. Kukhala chete kunkandivuta ine monga mmene kulankhula kunkamuvutira iye. Achemwali anayesa kuthandiza ndi Chingerezi chawo cha Sitandade 8, ndipo kwa iwo ankayankhako, mwina n'kuseka. Akatembenukira kwa ine mawu ankauma. Miyezi isanu ndi iwiri inali itamuzoloweza kuti pamaso panga Chingerezi chimalembedwa.

Tinayesa milungu itatu. Mlungu wachinayi anatumiza uthenga kudzera mwa alamu anga kuti ntchito yachuluka. Sindinakhulupirire, koma zinali zoona: kontilakiti yake ikutha mwezi uno, ndipo akupereka makina m'manja mwa makaniko wa konkuno. Chilolezo chake chokhalira m'dziko muno chikuthanso nthawi yomweyo.

Tinakumana dzana pamsewu wa kumsika. Anatsika panjinga, navula chipewa. Anati mkazi wake wamuuza kuti kampani ina ya ku Australia imene inalonjeza kumulemba ntchito siidikira kupitirira chaka chino. Mwana wake masiku ano amayankha foni m'Chingerezi, ndipo amalankhula mothamanga moti iye amangovomera osamva. Ndinamulangiza kuti akafika kwawo ku Vietnam akapeze munthu woti azicheza naye m'Chingerezi, osati mphunzitsi. Anavomera mwaulemu, mofanana ndi mmene ankavomerera zonse zimene ndinkamuuza.

Loweruka alamu anga akamusiya ku Lilongwe pa lole ya nsomba. Ndege yopita kwawo inyamuka Lamlungu. Mayeso akalemberanso kumeneko, kamodzi kokha, chaka chisanathe.