Kukasaka Chingwe cha Wotchi ya Malemu Mayi

Ndinanyamuka ku Kijitonyama Loweruka m'mawa seveni koloko isanakwane, ndili ndi mashilingi asanu pamfundo ya nsalu ndi kapepala kojambulapo kamzere kozungulira. Kamzereko kanali msinkhu wa wotchi imene ndinkakaifunira chingwe. Wotchi yeniyeniyo sindikanainyamula, chifukwa bambo anga ankangoivula posamba pokha.

Bambo anali khukhi kwa mzungu wina ku Msasani, komanso mkulu wa mpingo pa katchalitchi kathu ka Anyasa, monga ankatitchulira anthu a mu Dar es Salaam zaka zimenezo dziko litangolandira ufulu. Mayi atamwalira, bambo anatenga kawotchi kawo ka pamkono, kakang'ono ngati batani la jekete, n'kukamangirira pa chingwe chakuda cha nsapato, n'kumakavala m'kati mwa malaya. Ine ndinakaona mwangozi, tsiku lina atagwidwa ndi malungo ndikuwapukuta thukuta. Anandiuza kuti nditseke pakamwa. Munthu wamkulu ngati iwo kuoneka ndi wotchi ya akazi, anthu angati chiyani?

Tsoka lake, tsiku lina bambo akuwerama kupereka mbale ya chopereka, mkulu mnzawo a Nyirenda, amene ankasamalira maluwa panyumba yoyandikana ndi ya mzungu wa bambo, anaona kachingwe kaja pakhosi. Kwa ife chingwe chakuda cholowa m'malaya dzina lake ndi limodzi basi, chithumwa. Akulu a mpingo atawafunsa, bambo anangoti si chithumwa, koma kumasula batani anakanitsitsa. Anawapatsa mpaka Lamulungu, mawa lake la ulendo wangawu: aonetse chimene chili m'khosimo, apo ayi atule pansi ukulu, ndipo Mgonero asadzadyenso. Bambo anali atatumikira mpingowo kuyambira ine ndisanabadwe. Ndinaganiza kuti nditapeza chingwe chooneka mwaulemu, chachimuna, mwina akanalola kuvala wotchiyo panja.

Masiku amenewo ku Kijitonyama kunali kutchire, minda ya chinangwa ndi mchenga wolowa m'nsapato. Ndinayenda mpaka pamsewu wa ku Bagamoyo, basi n'kubwera cha m'ma hafu seveni. Mtengo unali masenti makumi anayi. Kondakitala anali ndi wezulo pa chingwe choluka cholendewera m'khosi, ndipo ndinayang'anitsitsa khosi lakelo mpaka anaima patsogolo panga.

“Dada, nauli walipira kale. Ukufunanso chiyani?” anandifunsa m'Chiswahili.

Ndinati ndikusirira chingwecho. Anati n'cha kuntchito, sagulitsa, ndipo kuti ndisasirire kwambiri anachitembenuza n'kundionetsa mbali ya kumbuyo kwa khosi. Chinabwera choyera, anatero, koma tsopano chinali ngati tiyi wopanda mkaka. Pamenepo ndinadziwa kuti choyera chokhachokha sichingamuyenere munthu wokhalira pa utsi ndi mafuta.

Tinafika ku Kariakoo hafu eyiti. Ndinamwa tiyi ndi mandazi awiri kwa mayi wina pakona, masenti makumi awiri, n'kulowa mumsika. Wogulitsa woyamba atangomva zoti chingwe cha m'khosi anasolola mtolo wa tizingwe takuda, n'kundifunsa ngati hirizi yake ndi ya mwana kapena ya munthu wamkulu. Hirizi ndiye chithumwa cha kuno. Ndinathokoza n'kupitirira. Wachiwiri anali ndi mikanda yotungidwa bwino kwambiri, koma bambo akanalowa nayo m'tchalitchi, theka la mpingo likanati alowa Chiroma, theka linalo likanati alowa Chisilamu, mlandu umodzi n'kubala ina iwiri. Wachitatu anandiyeza riboni wofiira, wonga uja amamangirira pa mphatso za ana asukulu. Ndinayerekeza bambo atavala zimenezo pamwamba pa jekete lawo lakuda, ndipo ndinaseka ndekha mpaka wogulitsayo anakwiya. Ndinatuluka mumsikamo nditaphunzira kuti mumzinda uno chilichonse chimene munthu angakoloweke m'khosi chili kale ndi eni ake.

Kuchoka apo ndinayenda pansi kulowera ku Upanga. Dzuwa linali litayamba kale ntchito yake, moti panjira ndinagula dafu, kokonati wosakhwima uja amaboola kuti umwe madzi ake. Cha m'ma hafu teni ndinapeza kasitolo ka mmwenye wokonza mawotchi, pansi pa nyumba ina yosanjikizana. Anayang'ana kapepala kanga kamodzi kokha, n'kunena kuti imeneyi ndi wotchi ya akazi. Sindinatsutse. Anatulutsa katcheni konyezimira n'kutchula mtengo wake, mashilingi khumi ndi asanu ndi atatu. Ngakhale ndikanakhala nazo ndalamazo sindikanagula. Khukhi akaoneka ndi chinthu chonyezimira m'khosi, dona wa panyumbapo amathamangira kukatsegula madilowa ake.

Mmwenyeyo sanakhumudwe. Anandigulitsa kamphete kachitsulo kolowetsa pa khutu la wotchi, pamene pamadutsa lamba, n'kundilangiza kuti ndikakoloweke ku khutu la m'munsi, kuti wotchi izilendewera chadodolido ndipo mwini wake akainyamula aziiona yowongoka. Za chingwe anati ndipite kuseri kwa nyumba yomweyo, kuli mayi wa Chinyasa wosoka zipewa za Asilamu, mkazi wa mlonda.

Ndinaodira pakhomo la kachipinda kakang'ono, n'kupereka shikamoo, moni wa kuno wopatsa akuluakulu. Mayiyo anali pamphasa, ulusi wamitundumitundu uli mbwee. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Iwe ndiwe Mnyasa. Kwanu n'kuti?”

“Bambo ndi a ku Ntcheu. Ine ndinabadwira konkuno.”

“Ndamva kale. Chinyanja chakocho chikununkhira nazi, kokonati wa kunoyu. Khala pansi.”

Dzina lawo anali Abiti Saidi, kwawo ku Fort Johnston, kumene lero timati Mangochi. Pambali pa zipewa panali mtolo wa tizingwe takuda, tofanana ndendende ndi tija ndinatikana ku Kariakoo. Anati amene amapota timeneto ndi iwo. Sindikudziwa chimene chinandimasula pakamwa, koma nkhani imene ndinabisira mwamuna wanga yemwe ndinaikhuthula yonse kwa mayi amene ndinali nditangomuona kumene. Anamvetsera osandidula, kenako anaseka mpaka kupukuta misozi.

“Ndiye mwana wa mkulu wa mpingo wabwera kwa wopota zingwe za hirizi kuti abambo ake asaoneke ngati avala hirizi! Wafika pamalo pake, mwanangu. Amene amadziwa maonekedwe a chimenecho ndine.”

Anandifotokozera ngati mphunzitsi. Chingwe cha hirizi amachipota chozungulira, chopyapyala ndi chakuda, kuti chizibisala mumthunzi wa kolala. Ndiye cha bambo chinayenera kukhala chophwatalala, chachikulu ngati chala, chamitundu iwiri, choti ngakhale munthu wa kumpando wa kumbuyo achione. Ine ndinaloza ulusi wobiriwira. Iwo anaubweza.

“Wobiriwira ayi, ndi mtundu wathu Asilamu. Angati tawatembenuza ife. Tenga wabuluu wakudawu kuti uzibisa litsiro, pakati tiikepo kamzere koyera.”

Poyeza kutalika anafunsa msinkhu wa bambo, n'kuitana amuna awo, Che Bwanali, amene ankamwa khofi pamthunzi. Anawakoloweka ulusi m'khosi osawauza chifukwa chake, ndipo nkhalambayo inangoima chilili ndi kapu m'manja ngati munthu amene anazizolowera kale izi. Apa ndi pamene tinakangana. Ine ndinkafuna chachitali, choti wotchi izifika m'maso bambo osaivula. Iwo ankati chachitali chidzalowa mumphika wa supu khukhi akangowerama. Ndinalimbikira ndithu, chifukwa wotchi yosawerengeka ntchito yake n'chiyani? Pomaliza anati achipanga chachitali, koma aikapo mfundo yotsetsereka: ukaikweza wotchi ikhala pachifuwa, ukaitsitsa ifika kumene ukufuna.

Anamangirira nsonga ya ulusi ku chala chachikulu cha kuphazi n'kuyamba kuluka. Ntchitoyo inatenga maola awiri, kuphatikizapo nthawi imene anaima kuti akaswali masana. Atabwerako tinadya mpunga wa nazi ndi nyemba, ndipo anandifunsa mayina a anthu a ku Ntcheu amene sindinawamvepo. Anandilipiritsa mashilingi awiri. Kavalidwe kake anandionetsera pa Che Bwanali yemweyo: chingwe chidutse pansi pa kolala ngati tayi, mfundo ikhale pa batani lachiwiri, wotchi igwere pa lachitatu.

“Chingwe ndakupangira,” anatero pondiperekeza. “Zotulutsa wotchiyo panja, zimenezo n'za eni ake. Usakawakakamize.”

Basi ya ku Msasani ndinaikwera firii koloko, masenti makumi atatu. Tinawoloka mlatho madzi a m'nyanja ataphwera, matope akununkha, aliyense n'kumadziphimba mphuno ngati kuti ndi koyamba. M'basimo munadzaza antchito a m'nyumba obwerera kuchokera kumsika ndi madengu a madona awo. Pamene inatitsitsa ndinayenda kamtunda ndithu mumsewu wamchenga, pakati pa mipanda ya maluwa, agalu akundiuwa nyumba ndi nyumba.

Ndinapeza bambo kuseri, pakhomo la kachipinda kawo, akusita malaya oyera a Lamulungu ndi simbi ya makala. Inali folo koloko, nthawi yawo yopuma asanayambe zophika zamadzulo.

“Nawenso wabwera kudzandilalikira?” anandifunsa osadzutsa mutu.

“Ayi, bambo. Ndangobweretsa ichi.”

Ndinaika chingwecho ndi kamphete kaja patebulo. Anaimika simbi, n'kuchitola, n'kuchikoka uku ndi uku monga amayesera chingwe chomangira nyama yowotcha.

“Waluka ndani?”

“Mayi wina wa ku Fort Johnston.”

“Msilamu?”

“Inde.”

“Ntchito amaidziwa.”

Anandifulatira, n'kumasula mabatani awiri. Kawotchi ka mayi kanatuluka, ndipo kanali koyamba kukaona padzuwa chichokereni kumanda. Ndinadula chingwe cha nsapato chija, ndinalowetsa kamphete, n'kuwaveka malaya ositawo akadali ofunda. Ndinadutsitsa chingwe pansi pa kolala monga anandiphunzitsira, ndipo kunena zoona chinawakhala. Kenako ndinayamba kudzitama ndi mfundo yanga ija.

“Mukafuna kuona nthawi mungotsitsa apa, ifika mpaka m'maso. Ndachita kukangana nawo kuti chitalike chonchi.”

Bambo anatsitsa mfundoyo, anainyamula wotchi, n'kuiyang'ana kanthawi.

“Manambala akewa sindiwaona, Esinati. Sindinawaonepo n'kale lomwe. Nthawi ndimaonera ya kukhitchini. Iyi ndimangopukusa kakiyi kake m'mawa uliwonse kuti isaime.”

Ndinamva chisoni, ndinamvanso manyazi, chifukwa tsiku lonse ndinazungulira mzinda ndikuganiza kuti ndikuthandiza munthu kuwerenga nthawi. Ndinazindikiranso kuti nkhani ya wotchi ya akazi ija inali theka chabe. Bambo sankafuna kuti mpingo wonse uone kuti mkulu wawo, amene ankalimbikitsa anamfedwa pamaliro onse, iye mwini anali asanaleke kulira.

Dzanja lawo linanyamuka lokha kuti libweze wotchiyo m'malaya. Ndinakumbukira mawu a Abiti Saidi ndipo ndinangowaleka. Dzanjalo linaima pa batani, linakhala pamenepo, kenako linakweza mfundo ija mpaka pamalo pake.

“Tiye ndikuperekeze, basi ingakusiye.”

Njira ya kusiteji inalipo yachidule, yodzera kuseri, koma iwo anandidutsitsa kumaso, m'mbali mwa mpanda wa nyumba yoyandikana. A Nyirenda anali pomwepo akuthirira maluwa. Anatipatsa moni, maso awo n'kutsikira pachifuwa pa bambo, n'kukhala pomwepo.

“A Phiri, imeneyi si wotchi ya malemu mayi Nabanda?”

“Ndi yomweyo,” anayankha bambo. “Mawa muwauze anzanuwo abwere ndi magalasi. Ndi yaing'ono.”

A Nyirenda anavula chipewa n'kuchigwira pamimba, paipi yothiririra ili pansi, madzi akuthirira nsapato zawo. Anayesa kunena kanthu, koma bambo anali atayamba kale kuyenda.

Kusiteji kunali anthu ambiri, ena a iwo Anyasa odziwana nafe. Bambo anaima pakati pawo manja ali kumbuyo mpaka basi inabwera, ndipo aliyense amene anafunsa za wotchiyo anamuuza mwini wake ndi dzina.