Dzina la apongozi pa maikolofoni

Sabata ino ndinatukwana apongozi anga aamuna. Ndinawatukwana mobwereza, wina akujambula.

Musathamangire kwa abusa, imvani kaye.

Pa Mangochi pano pali a Jafali, ali ndi situdiyo kuseli kwa golosale yawo. Amajambula mabuku kuti anthu osaona azimvera pa foni. Anandimva ndikuwerenga kumaliro, nati mawu anga ndi omveka. Ine wolekeza Sitandade 7, kuwerengera anthu buku! Ndinathokoza Mulungu, n'kuvala chitenje chatsopano ngakhale anandiuza kuti sindidzaoneka.

Situdiyoyo ndi kachipinda kopanda zenera, makoma anamata mathireyi a mazira. Fani amazimitsa, akuti imasokosa. Kutentha kwake, usipa ungaume osauyanika.

Bukulo ndi nthano ya msodzi woledzera amene anataya ukonde. Nditatsegula tsamba loyamba, ndinaona vuto. Msodziyo dzina lake ndi Lameki. Ndilo dzina la apongozi anga a ku Nkope, bambo awo a amuna anga. Polemba pano ndalilemba, koma pakamwa panga linali lisanatulukepo chikwatiwire. Mtengwa wanji woitana apongozi ndi dzina? Komanso iwowo ng'ala inawatseka maso, ndipo ndinali nditawalonjeza kale kuti adzakhala oyamba kumvera.

Ndinafika pamene mkazi wa msodzi akukalipa. Ndinawerenga kuti, "Abambo, ukonde mwausiya kuti?"

"Mayi, imani," anatero a Jafali. "Palembedwa chiyani?"

"Palembedwa dzina."

"Liwerengeni."

Ndinawerenganso: "A Lameki, mwapusa pang'ono, pepani."

"Pepaniyo mwamutenga kuti? Mkaziyu wakwiya. Akuti, 'Lameki, chitsiru iwe!'"

"Wakwiya ndi iyeyo, a Jafali. Ine ndilibe nawo mlandu."

Mwamwayi kumzikiti kunamveka azana yoitanira anthu kumapemphero. A Jafali anavula zam'makutu n'kupita kukaswali. Ine ndinatsala ndi mathireyi, nanenso n'kupemphera. Ndinati, Ambuye, mukudziwa kuti pakamwa ndi panga koma mawuwa ndi a eni ake.

Atabwerako ndinayesa. Poyamba ndinanong'ona, akuti sizikumveka. Kenako ndinakweza bwino, koma panja panalira mbuzi. Tibwerezenso. Pomaliza ndinakalipa mpaka a Jafali anati, "Eya! Mukhala ngati munali nacho kale chifukwa."

Popita kunyumba ndinkaganiza. Ife timalemekeza akulu mpaka dzina lawo kulisowetsa. Munthu amabadwa ndi dzina, kenako amasanduka bambo a uje, kenako agogo, kenako "madala aja ali pakhonde". Adzukulu ena sadziwa n'komwe kuti agogo awo ndi ndani. Dzinalo limadzamveka mokweza tsiku limene mwiniwake wagona m'bokosi. Ulemu ndi wabwino, sindikukana, amayi anandilera nawo. Koma mwiniwakeyo tinamufunsapo?

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Nkope. Ndinawapeza pamkeka. Ndinagwada chapatali, n'kutsegula nthano ija pa foni, mutu pansi.

Anatchera khutu. Mawu anga anafika pamalo paja, akumveka bwino kwambiri, a Jafali ntchito amaidziwa.

"Apongozi," anatero, "bwezani pamenepo."

Ndinabweza.

"Bwezaninso."

Kenako anapukuta m'maso ndi ngodya ya malaya. "Chimwalirire mkazi wanga palibe anandiitanapo choncho. Ndimayesa dzinali anapita nalo."

Ndinati zikomo Ambuye chamumtima, n'kuyamba kudzuka kuti ndikawaphikire tiyi.

"Koma mukawauze olembawo," anawonjezera, "ukonde uja sindinataye. Unabedwa."

Inu owerenga, agogo anu ali pakhondewo, dzina lawo analimva liti komaliza?