Mbale ya a Kapitawo

Lestina Namakhwa anabadwira m'komponi ya esiteti ina ya tiyi, m'kanyumba kamene mayi ake, a Ellen, anapatsidwa chifukwa chothyola tiyi. Msana wa mayiwo utayamba kuvuta, ntchito inatha, nyumbanso inapita nayo. Amene anatulutsa katundu wawo panja, mvula ili pamsana, anali a Peterson, kapitawo wa pakomponipo. Lestina anali mu Sitandade 7. Awiriwo anakakhala kwa amalume a Lestina ku Masambanjati, ndipo mayi ake anamwalirira komweko.

Lero Lestina amagulitsa nthochi ndi mapeyala m'mbali mwa msewu. Loweruka lililonse iye ndi anzake a kwaya amaphika nyemba za kalongonda ndi mbatata, kusonkha sopo ndi mabulangete akale, n'kukagawira anthu ogona m'makonde a masitolo ndi m'mashedi a msika. Ambiri ndi okalamba amene mphamvu zawo zinathera m'minda ya tiyi. Makolo awo anachokera ku Mozambiki, ndiye mudzi wobwererako alibe. Lestina sagawa akumwetulira. Wina akamuyamikira kuti ndi wachifundo, amayankha kuti chifundo alibe, chimene ali nacho ndi ukali.

Loweruka lina Crispin, mnzake wa m'gululo, anamukodola kuseri kwa chigayo. "Kuli agogo achilendo kuno."

Nkhalamba inali itagona pa makatoni, phazi litatupa, ntchentche zili ng'waa. Lestina anaima chilili, mbale ili m'manja.

"A Peterson."

"Ndiwe mwana wa yani?"

"Wa a Ellen. Nyumba yakumapeto, pafupi ndi mpope. Munaponya mphasa yathu m'matope."

A Peterson anazolika. "Ndinangotumidwa, mwana wanga."

"Musanditchule mwana wanu! Mayi anga anakugwadirani, inu mukuyang'ana kumbali ngati kukuuwa galu!"

Anatembenuka ndi mbale yake n'kumapita. Crispin sanamuletse. Atafika pamsewu, Lestina anaima, kenako anabwerera.

"Nanga inu anakutulutsani ndani?"

"Mnyamata amene ndinamuphunzitsa ntchito ndekha. Maso atayamba kuchita khungu, anati nyumba ikufunika."

Lestina anaika mbaleyo pansi mwamphamvu mpaka msuzi unatayikira. "Idyani. Koma musaganize kuti ndakukhululukirani."

Lolemba sanayale malonda. Anakwera kabaza mpaka pageti ya ofesi ya esitetiyo, nati akufuna kuonana ndi a manijala. Mlonda anamukaniza. Pomwepo azimayi anali pamzere, madengu kumsana, kudikira kuyezetsa masamba. Lestina anakweza mawu kuti onse amve.

"Munthu wakutumikirani mpaka imvi, lero akugona kuseri kwa chigayo! Tiyi wanu mumamusamala, akakalamba mumamudulira kuti aphukenso. Nanga anthu? Ife ogulitsa nthochi ndiye tizikudyetserani nkhalamba zanu?"

Azimayi ena anawerama. Mmodzi anati, "Nena, mwanawe." Manijala sanatuluke, ndipo mlonda anamukankhira Lestina kumsewu.

Achinyamata a kwaya aja anapempha abusa kachipinda kosungira mabenchi, ndipo a Peterson akugona mmenemo tsopano. Crispin ndiye amawatsuka phazi ndi kuwaperekeza kuchipatala. Lestina amaphika, amapakula, koma pakhomo pa kachipindako safika. Sabata yatha azimayi awiri a pamzere uja anabwera kutchalitchi ndi thumba la chinangwa, nafunsa kuti gulu la Lestina limakumana tsiku liti.