Nshawa Zophika M'munda wa Abambo

Kuchokera ku Sinda mpaka ku Vubwi palibe munthu wodziwa za chifundo kuposa ine. Ku koleji ya uphunzitsi ndinawerenga buku lalikulu lofotokoza mmene Angerezi analekera kunyonga anthu akuba nkhosa. Ndinalekezera pakati, buku ndi koleji yomwe, n'kubwerera kwathu kudzakumba nshawa.

Pofuna kuonetsa abambo kuti sukulu sinapite pachabe, ndinakumba mwaukhondo, osasiya ngakhale imodzi m'nthaka. Abambo anayang'ana mizereyo n'kupukusa mutu.

"Iwe, nanga amayi aja akunkha chiyani?"

Ankanena amayi amasiye oyandikana nafe. Chimwalirireni amuna awo, ankakana mphatso iliyonse. Mukawapatsa kadengu ka nshawa ankakabweza. Koma kukunkha si kupempha. Mwini munda akamaliza kukolola, zotsalira m'nthaka ndi za aliyense. Choncho abambo ankakumba mwaulesi dala mbali ya kuchulu, ndipo ndiwo za amayiwo zinkapeza nsinjiro. Mbali imeneyo ndi imene ndinasesa ine.

Ndinaganiza zokonza mlanduwo mwakachetechete. Nshawa zathu zinali pa dzuwa, amayi anga akuzilondera ndi ndodo, ndiye ndinapalasa njinga kupita kumsewu, n'kugula za m'pepala kwa azimayi ogulitsira apaulendo. Ndinazikwirira mothamanga pafupi ndi chulu, n'kufafaniza mapazi anga ngati wakuba.

M'mawa mwake amayi amasiye aja anabwera ndi kakhasu kawo. Ine ndinkanamizira kumanga mtolo wa masangwi a nshawa. Anafukula imodzi, anaiswa, anailawa.

"Aphunzitsi," anandiitana, ngakhale ankadziwa kuti uphunzitsiwo sindinaufike, "munda wa abambo anu wadalitsika. Chaka chino ukubereka zophika kale. Ndi mchere womwe."

Nkhope yanga inatentha. Ndinadikira kuti azitaye, apite, ndipo asadzapondenso m'munda mwathu.

Koma anazitola zonse, imodziimodzi, akupukuta dothi pachitenje. Kenako anakhala pansi pa chulu n'kunditambasulira dzanja.

"Bwerani tidye. Zokunkha sadya yekha."

Tinadya, mchenga ukulira m'mano. Za koleji sanandifunse, ndipo m'mudzi monse anali oyamba kusandifunsa.

Mizere imene inatsala yosakumba kumunsi, abambo anati khasu lawavuta, n'kuisiya choncho. Khasulo linali labwinobwino.

Maphunziro onsewa anandidyera makwacha khumi, ndipo theka la nshawazo ndinadya ndine.