Magalasi Amene Abwana Anandigulira

Ndakalambira pa ntchito yooda katundu wa kampani ina ya mabwato ku Monkey Bay: zingwe, penti, mafuta a injini. Ndi bolopeni sindinalakwitsepo. Chaka chatha anatiikira pulogalamu yoodera katundu pakompyuta. Atatiphunzitsa, anafunsa ngati tamva. Ndinati ndamva. Sindinatolepo kanthu.

Abwana atandipeza ndikungoyang'anizana ndi kompyutayo, ndinati, "Maso, bwana. Tizilembo tachepetsa."

Ndinanama. Maso anga amazindikira bwato likadali pakati pa nyanja.

Tsoka lake, abwanawo ndi achifundo. Lachisanu pochokera kumzikiti anandigulira magalasi owerengera, n'kundipatsa anthu onse akuona.

"Eya madala, oda ya mafuta ituluke lero. Mabwato aima."

Nditawavala, ofesi yonse inachita chifunga. Ndinathokoza.

Mpaka lero ndimawavala, mutu ukuwawa, chifukwa kuwavula n'kuvomera. Amene amatumiza maoda mwakachetechete m'malo mwanga ndi Abiti Juma, kalaliki wathu. Dzulo anandinong'oneza kuti, "Bambo, phunzirani. Mwezi wamawa ndikupita kutchuthi, ndikukachira."

Ndinamuyang'ana mwaukali. Kaya ankaseka kaya ayi, sindinathe kuona.