Mayi Apilo ndi Mng'ono Wawo Wosadziwa Kukana

Pakhoti laling'ono la m'tauni ija panalibe wolawira kuposa Mayi Apilo. Ntchito yawo inali kusesa ndi kukolopa, koma tsache lawo linali ndi khalidwe lachilendo. Mlandu ukangoyamba, fumbi lonse la pakhotipo linkapezeka pakhomo la chipinda choweruzira milandu. Ankasesa pamodzimodzi mpaka simenti kuchita kuwala, maso ali pansi, khutu lili m'kati.

Sukulu sanapite nayo patali, koma m'thumba la epuloni yawo simunkasowa kope. Mawu achingerezi aliwonse amene awamva kawiri ankawalemba mmene khutu lawo lawamvera, kenako n'kukamupanikiza kalaliki wa khoti pa nthawi yopuma kuti awauze tanthauzo lake. Belo, rimandi, apilo, zonsezo zinali m'menemo, ndipo pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi makope anakwana atatu. Dzina lawolo anadziputira okha. Aliyense wotuluka m'khoti akulira ankamugwira pamkono n'kumuuza kuti asataye mtima, akachite apilo masiku asanathe. Maloya ankawaseka kuti ndi loya wa tsache, koma anthu a pabenchi ya panja ankafunsa iwowo, poti loya weniweni amayankha akuyenda, diso lili pa wotchi.

Chinthu chimodzi chinkawawawa kuposa zonse, ndicho kuona anthu aulemu akudzimangitsa okha. Munthu woleredwa bwino akaima m'kabokosi kaja, woweruza ali pamwamba, n'kufunsidwa ngati akuvomera mlandu kapena akukana, ankangozolika n'kuvomera, chifukwa kwawo anamuphunzitsa kuti kutsutsa wamkulu ndi mwano. Ena ankayesa kuti akavomera ndiye awapatsa mpata wofotokoza bwino. Patsamba loyamba la kope lawo Mayi Apilo analembapo mawu awiri, gilite ndi noti gilite, ndipo pansi pake anawonjezera kuti ulemu pano umamangitsa.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lina Lolemba pabenchi paja anapezapo mng'ono wawo weniweni, atafumbata pepala la kupolisi. Iyeyu ankagulitsa zovala za kaunjika pamsika. Anagula thumba la majekete kwa munthu amene ankangomudziwa nkhope, osadziwa kuti anabedwa m'sitolo. Apolisi anamugwira, kenako anamutulutsa pa belo, mlandu wolandira katundu wakuba ukalowe Lachinayi.

Mayi Apilo anawerenga pepalalo kawiri. Mlanduwo sunali wovuta, poti amsika anzake anaona pamene ankagula masanasana, ndipo anali okonzeka kuikira umboni. Koma mboni zimaitanidwa munthu akakana mlandu, ndipo mng'ono wawoyo, mayi wa ana atatu, sankadziwa kukana. Amene anamuchititsa zimenezo ankamudziwanso. Makolo awo atamwalira, mng'onoyo analeredwa ndi Mayi Apilo omwewo, ndipo ayi aliyense wotuluka pakamwa pake ankamulandira ndi mbama, mpaka mawuwo anauma.

Masiku atatu amenewo Mayi Apilo sanakhazikike. Akaweruka ankathamangira kunyumba kwa mng'ono wawoyo dzuwa likadalipo, n'kusandutsa pabalaza khoti. Mng'onoyo ankamuimika kuseri kwa mpando, iwo n'kukhala pamwamba pa tebulo, nkhope itakwinyika. Ankawerenga mlandu m'Chingerezi chawo cha m'kope, n'kudzimasulira okha ndi mawu ena, kenako n'kufunsa.

"Ukuvomera kapena ukukana?"

"Mmene mungaonere inuyo, achemwali."

Ankatsika patebulo, kuzungulira chipinda, kumwa madzi, n'kukweranso. Anamufotokozera kuti kukana mlandu si kutukwana munthu, kuti woweruza amamva mawu amenewo kakhumi patsiku ndipo sadwala nawo mutu. Mng'onoyo ankavomereza zonse. Akamukalipira kuti anene kuti akukana, ankanena ndithu, koma monong'ona, akuwayang'ana kumaso ngati mwana wofunsa ngati wakhoza. Lachitatu madzulo Mayi Apilo anapsa mtima mpaka dzanja linakwera lokha m'mwamba. Mng'ono wawo, wa imvi kale m'mutu, anatsinzina n'kupereka tsaya. Dzanjalo analibweza, ndipo anabwerera kwawo akudzida.

Lachinayi anafika pakhoti mlonda asanatsegule geti. Anakolopa khonde kawiri, anapukuta mabenchi opukuta kale, anaiwala ndowa pakati pa njira mpaka wapolisi wa pakhoti anaipunthwa. Mlandu wa mng'ono wawo unali wachinayi pamndandanda, ndipo itatu yoyambayo inkayenda ngati yatopa. Dzina litaitanidwa, iwo anali kale pamalo pawo, pakhomo paja, tsache lili m'manja.

Mng'onoyo analowa m'kabokosi atavala diresi yake ya kutchalitchi. Wapolisi woimira boma anawerenga mlandu, womasulira n'kuubwereza pang'onopang'ono. Koma woimbidwa mlanduyo sankayang'ana woweruza, sankayang'ananso womasulira. Maso ake anali pakhomo, pa achemwali ake, ndipo mapewa anali atagwa kale ngati mmene ankachitira ali mwana akamva mapazi awo. Apo m'pamene Mayi Apilo anazindikira chimene chinawaphonya masiku atatu onse aja. Mng'ono wawo sankaopa woweruza. Nkhope imene inamuphunzitsa kuzolika inali yawo, ndipo anaibweretsa okha m'khoti.

Ananyamula tsache n'kuchokapo. Anadutsa khonde lonse, anatsika masitepe, n'kukaima kuseri kwa zimbudzi kumene mawu a m'khoti safika. Pa zaka zonse zija anali asanathawepo mlandu uli m'kati. Anayamba kusesa masamba, kuwaunjika, kuwamwazanso ndi phazi. Ankaona m'maganizo galimoto ya kundende, ndi ana atatu aja akufunsa amayi awo.

Amene anawapeza kumeneko anali mng'ono wawo, akuyenda yekha, wopanda wapolisi pambali. Anati mlandu waukana. Poyamba mawu sanamveke, ndiye woweruza anamuuza kuti akweze, ndipo anakweza mpaka womasulira anadzidzimuka. Mboni zidzamvedwa mwezi wamawa, belo ipitirira.

Mayi Apilo anapuma, ndipo mpweya utangobwerera, ukulu unabwerera nawo. Anayamba kulamula pomwepo kuti za kaunjika zithe lero lomwe, benchi ya kumsika aigulitse, asamukire kwa iwo ndi ana omwe kuti azimuyang'anira, poti yekha angadzagulenso mavuto ena.

"Ayi, achemwali," anatero mng'onoyo. "Kumsika ndibwerera mawa. Nyumba ndili nayo."

Sananong'one, ndipo sanatsinzine. M'makope atatu onse aja a Mayi Apilo munalibe mawu amenewo. Zinawapweteka, ndipo anasangalala, zonse nthawi imodzi. Anamuyang'ana akutuluka pageti osacheuka, kenako anatola tsache lawo n'kubwerera pakhomo paja, poti mlandu wachisanu unali utayamba.